MLANDU SUOLA: NDANI ADZALIPIRE NTHAKA IMENE IDAMWA POIZONI?

Aliyense amene adakulira kuno ku Chitala, ku Chinguluwe kapena kwina kulikonse kwa Khombedza safuna kuuzidwa kuti dziko lino ndi la thonje. Pamene ntchito yotukula dera la m'mphepete mwa nyanja idayamba m'boma la Salima mu 1968, ndi chithandizo cha dziko la West Germany, phunziro lalikulu limene alangizi adabwera nalo kwa agogo athu lidali la kupopera. Mbozi zinkatha thonje lisanaphulike, ndipo mankhwala amene akatswiri a nthaŵi imeneyo adavomereza adali DDT ndi Sevin. Zokolola zidachulukadi, ndipo ambiri mwa makolo athu adaphunzira sukulu ndi ndalama za thonje lomwelo. Koma mankhwala aja sankagwa kumwamba ngati mvula. Ankabwera m'migolo ndi m'matumba, ankasungidwa m'madepoti ndi m'nyumba za katundu, ndipo paliponse pamene mgolo udadontha, kapena pamene zotsala zidakwiriridwa kuseri kwa nyumba, dothi lidamwa.

DDT ali ndi khalidwe limodzi limene lidamutchukitsa, ndipo ndi lomwelo lidadzamuletsetsa: saola msanga. Akaloŵa m'dothi amakhalamo zaka zambiri. Mvula ikagwa angathe kutsika ndi matope kupita kumtsinje, ndipo akafika m'nyanja amachoka m'tizilombo ta m'madzi kuloŵa m'nsomba, nachoka m'nsomba kukakhazikika m'mafuta a nkhwazi ndi a munthu. Ndicho chifukwa chake Amereka idamuletsa pa ulimi mu 1972, ndipo pangano la ku Stockholm la 2001, limene Malaŵi adalivomereza, lidangomusiyira kakhomo kamodzi, kolimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu wa malungo. Ndayambira pa mankhwala a thonje chifukwa ndiwo tikuwadziŵa kuno, koma nkhani yomweyi ilipo paliponse pamene pali thanki yakale ya mafuta yokwiriridwa pansi, dibi la ng'ombe losiyidwa, yadi ya sitima, fakitale yotsekedwa, kapena mgodi umene eni ake adachoka.

Kutsuka malo otere si ntchito ya khasu ndi wilibala. Dothi liyenera kupimidwa, loipalo likumbidwe, lilongedzedwe m'migolo yatsopano, ndipo mankhwala otha ntchito a m'maiko ambiri a mu Afrika amachita kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Ulaya kumene kuli ng'anjo zotentha kwambiri zowaotchera. Zonsezi zimalira ndalama zakunja. Tsono ndani alipire? Yankho limene tidazoloŵera kwathu kuno ndi lakuti boma, ndipo boma nalo limatembenukira kwa abwenzi akunja. Koma ku Amereka kudapezeka yankho lina, limene ndifuna tilione bwino m'ngodya ino: ndalama zochuluka zidatuluka m'mapepala a inshuwalansi amene aliyense ankayesa kuti adatha ntchito kalekale.

Nkhani idayambira pa malo otchedwa Love Canal, mu mzinda wa Niagara Falls. Kuyambira mu 1942 kampani ya Hooker Chemical idataya matani pafupifupi 21,000 a zinyalala za mankhwala m'ngalande ina yosamalizidwa, nikwirira. Mu 1953 idagulitsa malowo kwa oyang'anira masukulu pa mtengo wa dola imodzi, ndipo pamenepo padamangidwa sukulu, m'mbali mwake nyumba za anthu. Patapita zaka 25 mankhwala adayamba kutumphuka m'mabwalo ndi m'zipinda zapansi. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter adalengeza kuti pamalopo pagwa ngozi, ndipo mabanja mazanamazana adasamutsidwa. Mu December 1980 kudakhazikitsidwa lamulo limene limadziŵika ndi dzina loti Superfund.

Lamuloli lidali ndi mano. Lidayang'ana m'mbuyo, kotero kuti kampani imene idataya zinyalala mu 1950, pamene kutero sikudali mlandu, idauzidwa kuti ikatsuke. Silidafunse ngati wotayayo adachita dala kapena ayi. Ndipo ngati otaya adalipo khumi, koma asanu ndi anayi adagwa kale, wotsalayo akadatha kusenzetsedwa mtolo wonse. Makampani ataona makalata a boma adathamangira kuzipinda zosungiramo mafaelo, kukafunafuna amene angawathandize kulipira.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Inshuwalansi imene tikukamba si ya moto kapena ya kuba, imene imabwezera munthu katundu wake. Ndi ya mtundu uja umene eni magalimoto amaudziŵa, wolipirira munthu wina amene iwe wamupweteka kapena wamuwonongera katundu. Chinsinsi chake chili pa nthaŵi. Mapangano ambiri akale ankanena kuti kampani ya inshuwalansi idzalipira kuwonongeka kumene kwachitika m'chaka cha panganolo, osatchula kuti wodandaula afike liti. Tiyerekeze kuti thanki idayamba kudontha mu 1968, koma mwini chitsime woyandikana nayo adazindikira mu 1995. Pangano la 1968, ngakhale lidalipiridwa chaka chimodzi chokha ndipo kalaliki amene adalilemba adamwalira, likadali ndi moyo, chifukwa kuwonongeka kudachitika m'chaka chake. Akuluakulu adati mlandu suola. Ku Amereka adaona kuti pepala lolonjeza kulipira mlanduwo nalonso siliola.

Motero kudabadwa ntchito yachilendo, ya anthu ofukula inshuwalansi. Monga amachitira ofukula mbiya ndi mikanda ya makedzana, iwo amafufuza m'mabokosi a fumbi, m'mabuku a ndalama, m'makalata a mabuloka ndi m'mafaelo a makhoti, kufuna umboni woti m'chaka chakutichakuti kampani idali ndi pangano lakutilakuti. Pepala lenileni likasoŵa nkhani sithera pomwepo. Mu 2002 bwalo lalikulu la ku California lidagamula kuti pangano lotayika lingathe kutsimikizidwa ndi umboni wina, malinga umboniwo usonyeze mfundo zake zikuluzikulu. Mzere umodzi m'buku la ndalama, wosonyeza dzina la kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya pangano, ungathe kukhala chiyambi cha mamiliyoni.

A inshuwalansi nawo sadagone. Adaona mtambo ukudza, ndipo pofika mu 1973 mapangano awo adali ndi mawu akuti sadzalipira kuipitsa nthaka, madzi kapena mpweya pokhapokha zitachitika mwadzidzidzi ndi mwangozi. Pa liwu limodzi la Chingerezi lakuti sudden maloya adadyapo zaka zambiri. Aphunzitsi anzanga a chilankhulo angakondwere nalo funsoli, pakuti ndi Chicheŵa chomwe lilipo: tikati mlendo wafika mwadzidzidzi, kodi tikunena kuti wafika mothamanga, kapena kuti sitimamuyembekezera? A inshuwalansi adati liwulo likunena za kuphulika kwa kamphindi. Makampani adati thanki yodontha pang'onopang'ono kwa zaka khumi, mwini wake osadziŵa, nayonso ndi dzidzidzi tsiku limene yapezeka. Makhoti a m'zigawo zosiyanasiyana adagaŵikana, ena uku ena uko. Mu 1986 a inshuwalansi adangotseka khomo lonse, nalemba kuti za kuipitsa malo salipira konse. Ndicho chifukwa chake mapepala a mtengo wapatali ndi akalewo. Likakhala lakale kwambiri, mawu oletsa amachepanso.

Milandu iŵiri ikutikhudza ife alimi a thonje, chifukwa yonse ndi ya opanga mankhwala ophera tizilombo. Kampani ya Montrose Chemical inkapanga DDT pafupi ndi Los Angeles kuyambira 1947 mpaka 1982. Onani kuti idapitiriza zaka khumi Amereka italetsa kale mankhwalawa, pogulitsa kumaiko akunja. Zotsalira zake zidaipitsa nthaka ndi nyanja, ndipo boma lidaisumira mu 1990. Montrose idatembenukira kwa a inshuwalansi ake. Mu 1995 bwalo lalikulu la ku California lidanena kuti ngati kuwonongeka kukupitirira chaka ndi chaka, pangano lililonse limene lidalipo m'zaka zonsezo lingathe kuitanidwa. Mu 2020, patatha zaka 38 fakitale itatsekedwa, bwalo lomwelo lidali kugamulabe za mapangano a Montrose a pakati pa 1961 ndi 1985, ndipo lidaikomeranso.

Kampani ya Shell sidachite mwayi wotere. Iyo inkapanga mankhwala ophera tizilombo, ena mwa iwo aldrin ndi dieldrin, pa malo otchedwa Rocky Mountain Arsenal pafupi ndi Denver kuchokera mu 1952 mpaka 1982. Itauzidwa kuti ithandize kutsuka, idasumira makampani a inshuwalansi oposa 200. Mu December 1988 khoti lidaikanira, litamva umboni woti akuluakulu ake ankadziŵa kuti zinyalala zikuwononga malo, abakha a m'tchire akufa m'maiŵe kwa zaka zambiri. Bwalo la apilo lidadzasintha mbali ina ya chigamulocho mu 1993, koma mfundo yake idatsala: inshuwalansi ndi ya ngozi, si ya chinthu chimene munthu ankachiona ndi maso nangopitiriza. Ine ndiona kuti mfundo imeneyi ndi yolungama, ngakhale kuti imene imavutika nayo pamapeto pake ndi nthaka, imene imadikira makhoti akamakangana.

Ngongole zimenezi zidaoloka nyanja kukagwera msika wa inshuwalansi wa Lloyd's ku London, umene udalandira ndalama za makampani a ku Amereka kwa zaka zambiri. Pakati pa 1988 ndi 1992 msikawu udataya mapaundi pafupifupi 8 biliyoni chifukwa cha milandu ya asbestos, ya kuipitsa malo ndi ngozi zina zazikulu, ndipo anthu olemera amene adaikapo maina awo monga chikole ena adagulitsa nyumba. Mu 1996 ngongole zonse za 1992 kubwerera m'mbuyo zidasonkhanitsidwa m'kampani ya Equitas, ndipo patapita zaka khumi kampani ya National Indemnity ya ku Amereka idavomera kuzisenza. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti pangano lakale la ku Lloyd's lidapatsidwa khomo lokagogodapo, silidatayidwe kudzala.

Tsopano tibwere kwathu. Kodi njira imeneyi ingagwire ntchito ku Salima, ku Blantyre kapena ku Karonga? Ophunzira ena akamva nkhani ya mamiliyoni amafulumira kuvomera. Ine ndikuti tiyambe taona chimene chidadzutsa mapepala aja. Sadadzuke okha. Adadzutsidwa ndi kalata ya boma yolamula kampani kuti itsuke. Inshuwalansi ya mtundu uwu silipira nthaka, silipira mudzi, silipira nsomba. Imalipira ngongole ya munthu amene adaidula, ndipo ngati palibe amene wamulonjerera ngongoleyo, kampani ya inshuwalansi ilibe choyankha. Lamulo lathu loyang'anira za chilengedwe la 2017, limene lidaloŵa m'malo mwa la 1996 ndi kukhazikitsa bungwe la MEPA, limavomereza mfundo yoti woipitsa ndiye alipire. Mawuwo ndi abwino. Koma kuti afike pa pepala la inshuwalansi payenera kukhala wopima dothi, wolemba zimene wapeza, wotchula dzina la mwini mlandu, ndi womulembera kalata yokhala ndi tsiku. Popanda zimenezi, ngakhale mapangano akale atadzaza nkhokwe, ndi chakudya cha chiswe basi.

Chopinga china chili m'malamulo amene tidalandira. Makhoti athu amatsata mwambo wa malamulo a ku England, umene udafika kuno mu 1902, ndipo zigamulo za kumeneko zimamveka kwa oweruza athu koposa za ku California. Ku England zinthu sizidayende monga ku Amereka. Fakitale ina yofufuta zikopa ku Sawston idadonthetsa mankhwala pansi kwa zaka zambiri, mpaka adakafika pa chitsime cha kampani ya madzi ya Cambridge Water. Mu December 1993 bwalo lalikulu koposa la dzikolo lidati fakitaleyo isalipire, chifukwa pa nthaŵi imene mankhwala ankadontha palibe amene akadaganiza kuti angakafike kutali chotero. Mlandu wina ndi wa kampani ya Bartoline ya ku Beverley, imene fakitale yake idapsa mu 2003, mankhwala nathamangira m'mitsinje. Boma lidatsuka nilitumiza bilu yoposa mapaundi 600,000. Mu 2006 khoti lidati inshuwalansi ya kampaniyo siyenera kulipira biluyo, chifukwa pangano linkanena za chipukuta misozi cha munthu wolakwiridwa, pamene iyi idali ngongole ya kwa boma. Ku California, mu 1990, funso lomweli lidayankhidwa mosiyana. Loya wa ku Malaŵi amene angayese njirayi adziŵiretu kuti mnzake wa mbali inayo adzanyamula Bartoline m'chikwama. Pali kachitonthozo kamodzi: ku Britain mawu oletsa za kuipitsa malo adaloŵa m'mapangano mochedwa, cha m'ma 1990, motero pangano lolembedwa m'kalembedwe ka ku London isanafike nthaŵiyo kaŵirikaŵiri lilibe mpanda umenewo.

Ndiye pali nkhani ya kwacha, imene kwa ine ndiyo yoŵaŵa koposa. Pangano lililonse limakhala ndi malire a ndalama zimene lingalipire, ndipo malirewo sakula ndi zaka. Mu 1971, pamene kwacha idaloŵa m'malo mwa paundi, K2 idali paundi imodzi. Tiyerekeze kampani imene idadula inshuwalansi ya malire a K50,000 mu 1975: imeneyo idali kampani yochenjera ndi yolemera. Mu 2024 ndalama yomweyo sikadagula ndi thumba limodzi lomwe la feteleza pa sitolo. Munthu angathe kufukula pepala, kulemba loya, kupambana mlandu patatha zaka zisanu, nalandira ndalama yosakwana mafuta a galimoto yopita ku Lilongwe. Kumbukiraninso kuti malo ambiri osungira mankhwala a ulimi adali a boma kapena a mabungwe ake, ndipo maboma ambiri sadula inshuwalansi yotere, amadzisenzera okha. Mapepala oyenera kuwathamangira ndi olembedwa m'mapaundi ndi m'madola, amene makampani akuluakulu a mafuta, a migodi, a minda ndi a mankhwala ankadula kumalikulu awo kunja kuti aphimbe nthambi zawo zonse.

Kuti tione kuvuta kwa kupeza mwini mlandu, tiyang'ane kwa anansi athu ku Zambia. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe, kumene Amalaŵi ambiri adakagwirako ntchito pamene mzindawo unkatchedwa Broken Hill, udatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90. Fumbi lake lidatsala m'mabwalo a nyumba, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana. Mu October 2020 maloya adapita ku khoti ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, kusumira Anglo American South Africa chifukwa cha mbali imene akuti idatengapo pa mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo idakana, kunena kuti mgodi sudali wake ndipo udindo udatsala ndi amene adautenga pambuyo pake. Mu December 2023 khoti lidakana kuti mlanduwo uzengedwe wa gulu, ndipo mu 2024 odandaula adaloledwa kuchita apilo. Pamene zonsezi zinkachitika, ndalama zoyesera kukonza malowo zidachokera ku ngongole ya madola 65.6 miliyoni imene Zambia idatenga ku World Bank mu 2016. Kunena kwina, ana omwe adapuma fumbilo ndiwo adzabweze ngongole yolichotsera akadzakula.

Kwathu kuno chitsanzo chili ku Mwabulambo m'boma la Karonga. Kampani ya Eland idakumba malasha kumeneko, nichoka mu 2015, ndipo lipoti la Human Rights Watch la 2016 lidafotokoza za maenje osakwirira ndi milu ya zotsalira zimene anthu adatsala nazo. M'boma lomwelo muli mgodi wa uranium wa Kayelekera, umene Paladin idatsegula mu 2009, niuimitsa mu 2014, nigulitsa kwa Lotus Resources mu 2020. Pa mgodi umenewu padaikidwa chikole cha madola 10 miliyoni cha kukonza malo. Anthu angatsutsane ngati ndalamayo ndi yokwanira, koma kusiyana kwa malo aŵiriŵa nkoonekeratu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa fakitale kapena mgodi uliwonse umene ukutsegulidwa tsopano, ndi m'boma lino la Salima momwe, chikole cha m'ndalama zakunja chitengedwe khasu lisanaloŵe pansi, chifukwa mapangano a masiku ano adatseka kale khomo limene Montrose idaloŵera.

Za malo akale, ntchito imene ingayambe popanda kudikira wina aliyense ndi ya mapepala, ndipo apa ndikulankhula ndi inu amene mwangomaliza sukulu ndipo mukuyamba ukalaliki m'maofesi, m'makhonsolo ndi m'makampani. Dziko lathu lidatayapo kale mbiri yake kamodzi, pamene maofesi a boma ku Zomba adapsa mu 1919. Masiku ano mapepala satha ndi moto wokha. Amatha pamene bungwe lisintha dzina kapena mwini. Farmers Marketing Board idasanduka ADMARC mu 1971, njanji idaperekedwa kwa Central East African Railways mu 1999, David Whitehead and Sons idagulitsidwa mu 2003. Pa kusintha kulikonse kotere pamakhala mafunso aŵiri ofunika kuwafunsa, lakuti ndani watenga ngongole zakale, ndi lakuti mafaelo apita kuti. Ine ndidaonapo pa ofesi ina mabuku a ndalama a zaka za m'ma 1970 ataunjikidwa pakhonde, amayi ogulitsa zitumbuwa akung'ambako masamba okulungira malonda, ndipo amene adalamula kuti atulutsidwe ankangofuna malo oika mipando.

Abale athu amene adapita ku Theba akudziŵa mtengo wa kapepala. Pamene makampani a migodi ya golide ku South Africa adavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi la m'mgodi, ndipo khoti lidavomereza mu 2019, chinthu choyamba chimene munthu amafunsidwa ndi umboni woti adagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti, m'zaka zakutizakuti. Wosunga kakhadi kake m'sutikesi ali ndi poyambira. Chimodzimodzi ndi nthaka. Musanataye faelo yakale, yang'anani ngati muli dzina la kampani ya inshuwalansi kapena la buloka, nambala ya pangano, chaka chake, malire a ndalama ndi mtundu wa ndalamazo. Sungani ndi malisiti omwe, makalata a lendi ya malo, ndi mabuku osonyeza mankhwala amene adaloŵa m'depoti ndi amene adatuluka. Zimene ofesi yanu ilibe malo ozisungira, lembani kalata ku National Archives ku Zomba musanaitane woyatsa moto.